Anthu Odyera Kamera ku Iceland

M'mwezi wa December, ku Reykjavík dzuwa limatuluka itadutsa 11 koloko m'mawa n'kulowa isanakwane 4 koloko madzulo. Wojambula zachilengedwe amakhala ndi maola anayi okha, nawonso ngati mitambo yalola. Mu June zimatembenuka. Mdima sugwa kwenikweni, choncho ambiri amagona masana n'kumagwira ntchito pakati pausiku, dzuwa lili m'munsi, mapiri atafiira.

Pakati pa ojambulawa alipo eni nthaka, monga Ragnar Axelsson, amene anajambulira nyuzipepala ya Morgunblaðið kwa zaka zambiri ndipo amadziwika ndi zithunzi zopanda mtundu za alimi, asodzi ndi alenje a kumadera ozizira. Aliponso obwera, monga Iurie Belegurschi wa ku Moldova, amene anakhazikika ku Iceland n'kutchuka ndi zithunzi za mathithi ndi mapanga a madzi oundana. Obwerawa ndi ambiri ndithu, ndipo sachedwa kuzindikira kuti chithunzi pachokha sichidyetsa munthu. Phiri la Kirkjufell lajambulidwa kambirimbiri. Angagule chako ndani? Ndalama ili pa alendo. Mu 2018 dzikoli, lomwe anthu ake anali osakwana 400,000, linalandira alendo oposa 2 miliyoni. Motero wojambula amasanduka dalaivala, mphunzitsi ndi wolondolera njira: amanyamula anthu ochepa pa galimoto yamatayala akuluakulu, kuzungulira nawo msewu wa Route 1 wa makilomita oposa 1,300, kuwadzutsa usiku kuwala kobiriwira kwa aurora kukayamba kuvina kuthambo, kuwakonzera makamera zala zitauma. Zithunzi zake amajambula alendo akagona.

Kuzizira kumamaliza batire msanga, n'chifukwa chake mabatire apadera amawasunga m'thumba lam'kati, pafupi ndi thupi. Polowa m'nyumba yofunda, kamera amayamba waitsekera m'chikwama kuti itenthe pang'onopang'ono, apo ayi lenzi imachita nthunzi. Mphepo nayo ndi ina: imagwetsa choimikapo kamera, ndipo ukatsegula chitseko cha galimoto mosasamala imachipinda.

Koma ojambula nyama ndiwo amandigometsa. Ku Látrabjarg, kumadzulo kwenikweni kwa dzikoli, kuli phompho lotalika makilomita 14, pena lozama mamita oposa 400, kumene mbalame za milomo yamawangamawanga zotchedwa puffin, kapena lundi m'chinenero cha ku Iceland, zimaswanirana m'chilimwe. Mbalamezi zimakumba una m'mphepete mwenimweni mwa phompho, ndiye nthaka yake ndi yamphako. Wodziwa ntchito safika pamenepo choimirira. Amagona chafufumimba, kukwawa ndi zigongono mpaka mutu utasuzumira kunyanja, n'kudikira kuti imodzi itere ndi tinsomba tondandalika kukamwa. Ikhoza kutera pakatha mphindi 5, ikhozanso kukugoneka pamenepo mpaka zovala zitanyowa ndi mame.

Nkhandwe ya kumadera ozizira, nyama yoyamwitsa yokhayo ya pamtunda imene inafika pachilumbachi anthu asanabwere, ndiye yovuta koposa. M'madera ambiri imasakidwa, choncho imathawa munthu. Ku Hornstrandir n'koletsedwa kuipha, ndipo imayandikira. Kumeneko kulibe msewu. Umapita pa boti kuchokera ku Ísafjörður, ndi tenti ndi kamba wako, nyengo ikaipa boti lobwerera limachedwa. Ukaima nthawi yaitali pakhomo pa una, nkhandwe yaikazi imaopa kubweretsa chakudya, ana ake n'kugona ndi njala chifukwa cha chithunzi chako. Ojambula aulemu amakhala patali ndi lenzi yaitali. Ena, tinene zoona, amaponya nyama kuti nkhandwe iyandikire.

Pa 19 March 2021 phiri la Fagradalsfjall linaphulika, patatha zaka pafupifupi 800 dera la Reykjanes lili zii. Aliyense wa droni anathamangirako, ndipo madroni ena anasungunukira m'chiphalaphala. Zithunzi za masiku amenewo zinagulidwa kwambiri, koma kwa kanthawi.

Chovuta cha ntchitoyi n'chakuti chithunzi chokongola chimaitana khamu. Chigwa cha Fjaðrárgljúfur chinali chosadziwika kwenikweni mpaka Justin Bieber atajambulirako vidiyo ya nyimbo mu 2015; mu 2019 boma linachitseka kwa kanthawi chifukwa mapazi anali atapondereza zomera. Ndere zimene zimakuta miyala ya chiphalaphala zimatenga zaka makumi angapo kuti zimerenso, n'chifukwa chake kuyendetsa galimoto kunja kwa msewu ndi mlandu wa chindapusa chachikulu. Pagombe la mchenga wakuda la Reynisfjara mafunde obwera modzidzimutsa akokapo anthu amene anafulatira nyanja pofuna chithunzi, ena n'kufa. Masiku ano ojambula ena akatulutsa chithunzi satchulanso malo ake. Ukawafunsa amangoti ndi kumapiri, n'kusintha nkhani.