Buleka Ikagwa, Nyumba Ikukucenjezani

Ambili a ife tikhala m'nyumba zimene zinamangidwa tikali ana kapena tisanabadwe. Nyumba zambili za khonsolo ku Chilenje, Matero, Kabwata ndi Libala mu Lusaka, pamodzi ndi nyumba za migodi ku Copperbelt, ndi za m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Pamene nyumba za khonsolo zinayamba kugulitsidwa kwa okhalamo mu 1996, tinalandila makiyi ndi mapepala, komanso nthambo zakale za magetsi zimene zili m'zipupa ndi m'denga. ZESCO imafikitsa magetsi pa mita. Kucokela pamenepo kulowa m'nyumba, udindo ndi wa mwininyumba.

Nthambo zija anaziika poganizila mababu ocepa, wailesi, mwina ndi nsimbi. Lelo nyumba yomweyo ili ndi sitovu, filiji, giza, ketulo ndi TV, ndipo kuseli tinamangako zipinda za lenti zimene zikoka magetsi pa nthambo zomwezo. Magetsi akamadutsa m'nthambo, nthamboyo imafunda. Akaculuka kuposa kukula kwake imatentha, cokutila cake cimauma ndi kung'ambika, ndipo moto ungayambile m'denga mmene mulibe woona.

Kaŵelengedwe kake ndi kosavuta. Magetsi a m'nyumba zathu muno mu Zambia ndi 230 volts. Pulagi ya mano atatu inapangidwa kuti inyamule 13 amps, kutanthauza pafupifupi 3,000 watts. Ketulo ya 2,000 watts payokha imakoka pafupifupi 9 amps. Mukalumikiza ketulo yotele ndi nsimbi ya 1,500 watts pa adaputa imodzi, mwapitilila kale malile. Ciŵelengelo ca watts cimalembedwa pansi kapena kumbuyo kwa cipangizo ciliconse. Ndi cifukwa cake sitovu ndi giza ziyenela kukhala ndi nthambo zawozawo zocokela ku bokosi la mabuleka.

Mlonda wa nthambo ndi buleka, kapena fyuzi m'nyumba zakale kwambili. Nchito yake ndi kudula magetsi nthambo isanapse. Buleka imene ikugwaigwa nthawi zambili imakhala yabwinobwino, ikungonena kuti katundu waculuka kapena pali nthambo zimene zikukhudzana. Colakwa cacikulu ndi kucotsa buleka ya 20 amps n'kuikapo ya 40 amps, kapena kumanga fyuzi ndi waya wonenepa kapena msomali. Magetsi adzaleka kuzima, inde, koma kutentha konse kumene mlonda uja anali kuletsa kudzatsalila m'nthambo.

Buleka ikagwa, yambani mwazula zipangizo zonse za mbali imene yazima. Kenaka ikwezeni, manja ali ouma. Ikakhazikika, bwezelani zipangizo cimodzicimodzi. Cimene cidzaigwetsenso ndico cili ndi vuto, kapena ndico capyoletsa katundu. Koma ikagwanso nthawi yomweyo palibe columikizidwa, vuto lili m'nthambo zenizenizo. Pamenepo isiyeni yogwa ndipo itanani wamagetsi. Musaikakamize, musaimange ndi tepi.

Akuluakulu amati cakudza siciimba ng'oma, koma vuto la magetsi kaŵilikaŵili limayamba laonetsa zizindikilo. Soketi yofunda kapena yakuda m'mbali, fungo la pulasitiki yakupsa, kuthetheka pa swichi, mababu amene amacepa kuwala mukayatsa sitovu, zonsezi zikutanthauza kuti penapake nthambo yamasuka kapena yalemedwa. M'nyengo ya mvula onjezelanipo denga lodontha, ndipo caka conse pali makoswe amene amadya zokutila nthambo.

Cizindikilo coopsa koposa ndi kugwidwa pang'ono ndi magetsi mukakhudza mpopi, sitovu kapena filiji. Ena amangozoloŵela n'kumavala mapatapata. Cimene cacitika n'cakuti magetsi akuthaŵila m'citsulo, ndipo nthambo ya earth, imene iyenela kuwapititsa m'nthaka, yaduka, yacita dzimbili kapena kulibiletu. Tsiku lina adzadutsa m'thupi la mwana amene waponda pansi ponyowa wopanda nsapato. Buleka wamba singamupulumutse, pakuti imateteza nthambo cabe. Cimene cimateteza munthu ndi earth leakage, imene imadula magetsi msangamsanga pakangothaŵa 30 milliamps. Ili ndi kabatani koyesela. Kadinikeni miyezi itatu iliyonse, ndipo magetsi akapanda kuzima, dziŵani kuti yafa.

Load shedding, imene inakula kwambili mu 2015, 2019 ndi 2024 madzi atacepa ku Kariba, yabweletsa ngozi zina. Malaiti akapita, nsimbi ndi sitovu zimaiwalika zili zoyatsa, ndipo amabwela usiku onse ali m'tulo. Zoloŵelani kuzima zonse pa cipupa malaiti akangopita. Jeneleta kapena inverter isalumikizidwe ku nyumba mwa kuiloŵetsa mu soketi. Kutelo kungabwezele magetsi ku mapolo ndi kupha munthu amene akukonza nthambo kunja. Pafunika changeover switch yoikidwa ndi wodziŵa. Jeneleta ikhale panja, cifukwa utsi wake umapha m'nyumba yotseka.

Tidziŵa kuti kusintha nthambo za nyumba yonse ndi ndalama zambili, ndipo si banja lililonse lingakwanitse pa nthawi imodzi. Nchitoyi ingacitike pang'onopang'ono. Coyamba, wamagetsi apime nyumba yonse ndi makina ake ndipo akonze earth. Caciŵili, bokosi la mafyuzi lilowedwe m'malo ndi la mabuleka lokhala ndi earth leakage. Cacitatu, sitovu, giza ndi zipinda za kuseli zipatsidwe nthambo zawozawo. Pambuyo pake onjezelani masoketi kuti maadaputa acepe, ndipo nthambo zouma zisinthidwe cipinda ndi cipinda. Posankha wamagetsi, funsani satifiketi yake ya umisili, monga ya TEVETA, ndiponso ngati ndi wolembetsedwa ku Engineering Institution of Zambia. Gulani nthambo zakopa weniweni, pakuti zina zochipa zimakhala zoonda mkati. Mita ndi nthambo yocokela ku polo musazikhudze, zimenezo ndi za ZESCO. Amene muli pa lenti, uzani eninyumba msanga mukaona cizindikilo ciliconse.

Ngozi ikagwa, thamangilani ku main switch. Moto wa magetsi sathila madzi magetsi akali oyaka, thilani mcenga. Munthu wogwidwa ndi magetsi musamugwile ndi manja. Zimani coyamba, kapena mukankheni ndi mtengo wouma, kenaka mum'pititse ku cipatala ngakhale aoneke kuti ali bwino. Sabata ino, sonkhanitsani onse a m'nyumba, ana ndi alendo omwe, muwaonetse pamene pali main switch ndi mmene amazimila.