Kumenya mtengo sikulimbitsa msongolo: fizikisi ya theche la taekwondo

Lolemba lina m'mawa, mnyamata wina wa Fomu 3 analowa m'kalasi mwanga akutsimphina. Nditamufunsa anayamba wazembazemba, kenako anakweza buluku n'kundionetsa msongolo wotupa, wakuda bii ngati wamenyedwa ndi chitsulo. "Aphunzitsi, ndikulimbitsa fupa," anatero. Kwa sabata ziwiri anakhala akumenya mateche pa thunthu la bulugamu kuseri kwa nyumba yawo madzulo aliwonse. Anaona pa foni ya achimwene ake anthu a taekwondo akuthyola matabwa, ndiye anangoganiza kuti chinsinsi chake n'kukhala ndi fupa louma ngati mwala.

Sindinamuseke, chifukwa nanenso ndinapusapo. Ndili ku koleji ndinalowa kalabu ya taekwondo, ndipo patangotha miyezi itatu ndinakakamira kuthyola thabwa ndi dzanja anzanga akuonerera. Dzanja lili m'njira mantha anandigwira, ndinabweza liwiro pang'ono. Thabwa silinachite kanthu. Dzanja ndi limene linatupa, moti sabata yonseyo manotsi ndinkachita kubwereka chifukwa cholembera sichinkagwirika.

Chimene chinandichitikira tsiku limenelo chili m'makope anu a fizikisi. Mukukumbukira kuti kinetic energy ndi ½mv². Yang'anitsitsani v uja: ali ndi kachiwiri pamwamba, pomwe m alibe. Tiyerekeze kuti dzanja ndi gawo la mkono limene likumenya zikulemera 1 kg. Likamayenda mamita 5 pa sekondi, energy yake ndi 12.5 J. Likamayenda mamita 10 pa sekondi, energy imafika 50 J. Liwiro lawonjezeka kawiri, koma energy yawonjezeka kanayi. Ndiye taganizani zimene ndinadzichita pobweza dzanja: kuchepetsa liwiro pang'ono kokha kunadula energy yambiri.

Thabwa limathyoka likapindika kupyola pamene lingapirire. Energy ikachepa, limangopindika pang'ono n'kuimitsa dzanja lanu mwadzidzidzi. Apa m'pamene lamulo lachitatu la Newton limakupezani: force imene mwapereka ku thabwa, nalo limakubwezerani yofanana. Thabwa likathyoka, limasiya kukankha ndipo dzanja limapitirira n'kukaima pang'onopang'ono. Likakana, dzanja lonse limaima pa kanthawi kochepa zedi, ndipo ululu wake simungauiwale. N'chifukwa chake aphunzitsi a masewerawa amati musalinge pathabwa penipenipo, lingani kuseri kwake.

Pali kachinsinsi kenanso kamene mavidiyo sakuuzani. Matabwa a chionetsero nthawi zambiri amakhala a paini wouma, ndipo amawagwira moti ang'ambike motsata mizere yake, monga mmene nkhuni zimawazikira mosavuta mukatsata msempha wake. Bulugamu wamoyo, wamizu yake pansi, sangathyoke. Theche lililonse la mnyamata uja linkathera mu msongolo wake womwe.

Nkhaniyi asayansi anaifufuzapo. Mu 1979, Michael Feld, Ronald McNair ndi Stephen Wilk a ku America analemba m'magazini ya Scientific American za fizikisi ya karate, ndipo anasonyeza kuti palibe matsenga: ndi liwiro la dzanja komanso malo amene lamenya. McNair anali katswiri wa fizikisi yemwenso anali ndi lamba wakuda wa karate. Pambuyo pake anadzakhala woyenda mumlengalenga, ndipo anamwalira pa ngozi ya chombo cha Challenger mu 1986. Ndimakonda kumutchula kwa ophunzira amene amaganiza kuti munthu ayenera kusankha chimodzi, mabuku kapena masewera.

Nanga liwirolo limachokera kuti? Taekwondo ndi masewera a ku Korea, dzina lake linakhazikitsidwa mu 1955, ndipo amadalira kwambiri miyendo. Theche lawo lodziwika, dollyo chagi, limabwera mozungulira kuchokera m'mbali. Mukaonetsetsa katswiri akulimenya, sayamba ndi mwendo wowongoka. Amayamba wapinda bondo n'kulikweza, phazi loponda pansi limatembenuka, chiuno chimazungulira, ndipo mwendo umawongoka pamapeto penipeni ngati chikwapu. Yesani izi kunyumba: gwirani khasu kumapeto kwa mpini n'kuyesa kulizunguza msanga, kenako ligwireni pafupi ndi chitsulo. Kachiwiriko likupepukirani, pomwe kulemera kwake sikunasinthe. Chasintha n'chakuti kulemerako kwayandikira pamene pakuzungulira, ndipo fizikisi imati moment of inertia yachepa. Kupinda bondo kumachita zomwezo ku mwendo. Wophunzira kumene amaponya mwendo wonse uli chiwongokere, mphamvu zambiri zimatha koma theche limafika mochedwa.

Mpaka apa nkhani ndi yokoma. Povuta ndi pakuti thupi si khasu, silisintha tsiku limodzi, ndipo ziwalo zake sizisintha pa liwiro lofanana.

Masabata oyambirira mumaona ngati mwabadwa mwatsopano. Sabata iliyonse theche likukwera, likuthamanga. Koma nthawi imeneyi minofu imakhala isanakule kwenikweni. Zimene zikuphunzira ndi ubongo ndi mitsempha yotumiza uthenga: mnofu uti ukoke nthawi iti, uti umasuke. Zili ngati kuphunzira njinga. Kenako phindu lofulumirali limatha, ndipo mumalowa m'nyengo imene mukuchita zonse koma simukuona kusintha. Minofu imakula pang'onopang'ono, ndipo minyewa yolumikiza minofu ku mafupa, pamodzi ndi mafupa enieniwo, imatenga miyezi.

Mnyamata wanga uja sikuti analakwitsa zonse. N'zoona kuti fupa limalimba likamasenza katundu. Dokotala wa ku Germany, Julius Wolff, anafotokoza zimenezi mu 1892. Fupa ndi lamoyo, limagumulidwa ndi kumangidwanso nthawi zonse, ndipo pamene likupanikizika limamangidwa molimbirapo. Koma kumangako kumachitika mukupuma, mutadya, mutagona. Mukamalimenya tsiku lililonse osalipatsa mpata, timing'alu ting'onoting'ono timachuluka kuposa mmene thupi lingatsekere. Kwa inu amene mukukulabe vuto n'lalikulupo, chifukwa kumapeto kwa mafupa anu aatali kudakali kofewa, n'kumene fupa likukulira. Dziwani kusiyanitsa ululu. Kuphwanya kwa minofu kumene kumabwera patapita tsiku limodzi kapena awiri mutachita zolimbitsa thupi zachilendo kumatha kokha. Koma ululu wobaya pamalo amodzi pa fupa kapena m'bondo, umene ukukula mukamaponda, umenewo siyani masewera mupite kuchipatala.

Mu kalabu yathu ija tinayamba chigulu, koma pofika pakati pa chaka tinatsala owerengeka. Ndikakumbukira, ambiri sanasiye chifukwa chovulala kapena kutopa. Anasiyira pa nyengo ija yosaona kusintha, poganiza kuti afika pamapeto pa luso lawo. Taekwondo ili ndi njira yake yothana ndi zimenezi: malamba a mitundu amene munthu amakwera limodzilimodzi asanafike pa wakuda, kuti nthawi zonse pakhale kachinthu kapafupi kokalimbira. Ku Kukkiwon, likulu la masewerawa mumzinda wa Seoul, mwana wosafika zaka 15 sapatsidwa dan ngati wamkulu, amapatsidwa poom, ngakhale atakhala waluso chotani. Malamba amathandiza ndithu, koma kwa ine ali ndi vuto limodzi: pakati pa lamba ndi lamba pamadutsa miyezi, ndipo ulesi sudikira miyezi.

Chimene chinandisunga ine chinali kope. Lachisanu lililonse ndinkawerenga mateche amene ndingamenye pa thumba m'masekondi 30, mwendo uliwonse, n'kulemba. Sabata ndi sabata nambala sinkaoneka kusuntha, mwina kutsika kumene. Koma nditajambula girafu ya miyezi inayi, mzere unali ukukwera. Maso anga sankaona, pepala linkaona. Ndi ntchito yomwe ija mumachita mu labu: yezani chinthu chimodzi, m'njira imodzi, kambirimbiri.

Palinso ntchito ina yotopetsa imene mavidiyo saonetsa, ya mtima ndi mapapo. Pa masewera a Olimpiki, kumene taekwondo inayamba kupikisanirana mamendulo mu 2000 ku Sydney, nkhondo imakhala ya zigawo zitatu za mphindi ziwiri, kupuma mphindi imodzi pakati. Mphindi ziwiri zimamveka zochepa kufikira mutaziyesa. Mafuta amene minofu imasunga ogwiritsa ntchito pa liwiro lonse amatha m'masekondi pafupifupi khumi, ndipo kuti abwezeretsedwe pamafunika oxygen. Amene mtima ndi mapapo ake n'zolimba amadzazanso msanga, winayo theche lake limayamba kufika mochedwa. Mu 2016 ku Rio de Janeiro, Cheick Sallah Cissé wa ku Côte d'Ivoire anali akugonja kwa Lutalo Muhammad wa ku Britain m'ndime yomaliza ya 80 kg. Mu sekondi yomaliza anazungulira n'kumenya theche la kumutu, napatsa dziko lake mendulo yoyamba ya golide pa Olimpiki. Anthu amati anali ndi mwayi. Ine ndimaona mwendo umene unali udakali ndi liwiro pambuyo pa mphindi zisanu ndi imodzi za wefuwefu, ndipo zimenezo zimachokera ku kuthamanga ndi kudumpha chingwe m'mawa wambirimbiri popanda wokuombera m'manja.

Mnyamata uja ndinamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Mwamwayi fupa silinang'aluke, koma anamuuza kuti apume. Atachira anadzaza thumba la ufa ndi utuchi ndi nsanza, n'kulipachika pa nthambi ya mango. Ndinamuuza kuti azimenya masiku atatu okha pa sabata, masiku enawo azithamanga kapena kudumpha chingwe, ndipo afufuze munthu wodziwa amuone kaimidwe, poti thumba silinena ngati bondo likupotoka. Mwezi wathawu anandipeza nditatuluka m'kalasi, kope lili m'manja. Anayambira pa mateche 21 m'masekondi 30, anakwera kufika 29, ndipo kwa masabata atatu nambala yaima pomwepo.

"Aphunzitsi, ndiye kuti basi ndathera pomwepa?"

Ndinamufunsa kuti amagona nthawi yanji. Anayang'ana pansi n'kuyamba kuseka, akuti foni ya achimwene ake imapezeka usiku wokha.