Kuuza bwana sikokwanira

Mu 2001, wothandizira aphunzitsi a mpira pa yunivesite ya Penn State ku America anapeza Jerry Sandusky, yemwe kale anali mmodzi wa aphunzitsi a timuyo, akuchita zosayenera ndi kamnyamata m'bafa. Anakauza mkulu wa timu, Joe Paterno, ndipo Paterno anauza akuluakulu a yunivesite. Aliyense anadziona kuti wachita mbali yake, koma kupolisi nkhani sinafike. Sandusky anamangidwa mu 2011, ndipo mu 2017 akuluakulu atatu a yunivesiteyo anapezeka olakwa poika ana pachiswe.

Zoterezi zikhoza kuchitikanso kuno ku Luchenza, kumene ana amasewera m'matimu a sukulu, a mpingo ndi a m'maesiteti a tiyi. Kochi ndiye amasankha wolowa m'bwalo, amagula nsapato za mpira, amalipira minibasi popita kukasewera ku Mulanje. Mwana akaulula kuti kochi wamugwirira, mayi ake amene amathyola tiyi pa esiteti yomweyo amayamba waganizira ntchito yake. Nkhani imapita kwa kapitawo kapena kwa ahedi, n'kuthera mu ofesi.

Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 silitero. Dokotala, wachibale, wolera ana ngakhale munthu wamba amene ali ndi zifukwa zomveka zokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa ayenera kudziwitsa apolisi kapena ofesi yoona za chisamaliro cha anthu (kwa munthu wamba, lamulo limatchulanso mfumu). Kukhala chete ndi mlandu. Simufunikira umboni wokwanira kaye. Kufufuza ndi ntchito ya apolisi, osati ya komiti ya timu. Ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko amati mwana ndi aliyense wosakwana zaka 18, choncho wosewera wa Folomu 3 wamsinkhu ngati bambo akhoza kukhala mwana ndithu.

Ngati ndi kugwiriridwa, thamangirani kuchipatala pasanathe maola 72, kuti mwana alandire mankhwala oteteza ku HIV otchedwa PEP. Zovala zimene anavala musachape. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo uzaninso a chisamaliro cha anthu ku boma la Thyolo kapena Mulanje. Nambala ya 116 ndi yaulere, mwana akhoza kuimba yekha.

Ahedi ndi amfumu muwauze ndithu, koma mlandu wotere suweruzidwa pabwalo la mfumu, ndipo mbuzi kapena ndalama zopepesera sizimautseka. Ahedi akati "tisiyireni, tikambirana ndi kochiyo", inu pitani kupolisi tsiku lomwelo.