BUKU LA NGONGOLE LISAMAGONE LOKHA

Inu a sitolo ndi a chigayo a ku Nsaru, Kabudula, Nambuma, Mpingu ndi Namitete, kodi buku lanu la ngongole ligona kuti usiku? Ambiri ayankha kuti ligona pa shelefu pomwepo, pafupi ndi palafini ndi machesi. Nanga likapsa, adzakumbukira ndani kuti uje adatenga shuga, uje sopo, uje matumba awiri a feteleza oti adzalipire akagulitsa fodya ku Kanengo?

Musayese kuti bvuto lotere ligwera amphawi okha. M'mwezi wa January chaka cha 2024, makina a kompyuta opangira mapasipoti ku ofesi ya Immigration adaima. M'mwezi wa February, Dr Lazarus Chakwera, amene adali Pulezidenti pa nthawiyo, adauza Nyumba ya Malamulo kuti mbala za pa intaneti zidalowa m'makinawo ndi kuwatseka, ndipo zinkafuna dipo. Boma lidakana kulipira. Anthu ofuna kupita kunja ku sukulu, ku malonda ndi ku Joni adadikira masabata ambiri, kufikira m'mwezi wa March pamene nchito idayambanso. Ngati ofesi ya Boma yokhala ndi akatswiri ake idaima chotere, nanga kanyumba ka udzu? Chaona mnzako chapita, mawa chiri pa iwe.

Mabanki ndi makampani akulu adziwa zimenezi. Zonse zimene alemba azisunga pawiri, zina kunyumba yina kapena kumzinda wina, ndipo apanganiratu chimene munthu aliyense adzachita tsiku la ngozi. Nzeru imeneyi siifuna kompyuta ai. Ifuna kope la ana a sukulu, cholembera, ndi munthu wosachita ulesi.

Adani a pepala muwadziwa. Moto wa mwezi wa October, chiswe, denga lodontha, mbewa, ndi mbala.

Tilankhule makamaka ndi amai a banki m'khonde, pakuti pamenepa ndi pamene pali ndalama za anthu ambiri. Bokosi la maloko atatu, makiyi ake kwa anthu atatu, ndi chinthu chabwino. Koma taonani m'katimo. Ndalama ziri momwemo, buku lalikulu liri momwemo, timabuku ta masheya tiri momwemonso. Mbala siitsekula loko, ingonyamula bokosi lonse. Ndalama zimene zidali m'bokosi zingakhale zochepa, chifukwa zambiri ziri m'manja mwa okongola. Koma buku likapita, ngongole nazonso zapita. Wokongola K50,000 adzati idali K20,000, ndipo mwina sanama dala, waiwala. Pofika nthawi yogawana, anthu opempherera pamodzi aleka kupatsana moni, ndipo mlandu ufika kwa amfumu. Amfumu adzaweruza bwanji popanda cholembedwa?

Tsono chitani chotere. Msonkhano usanabalalike, mlembi akopere m'kope lachiwiri dzina la munthu aliyense, masheya ake ndi ngongole yake. Wina awerenge mokweza kuti onse amve ndi kubvomereza. Kope limenelo lipite ndi mai wina, osati msungichuma kapena mlembi. Ndipo nyumba yake ikhale patali, tsidya la dambo ngati n'kotheka, chifukwa moto ukabuka ndi mphepo sutha nyumba imodzi. Alikulunge m'pepala la pulasitiki ndi kuliika m'chitini chotseka, pamwamba, posagunda khoma. Chiswe sichidya chitini.

Inunso a sitolo, sankhani tsiku limodzi pa sabata, monga madzulo a tsiku la msika, mukopere ngongole zonse, ndipo kopelo likagone kwa mbale wanu.

Amene muli ndi foni yojambula, jambulani tsamba liri lonse ndi kulitumiza pa WhatsApp kwa mwana wanu kapena mlongo wanu wa ku Lilongwe. Kungojambula osatumiza n'kosakwanira, pakuti foni igwa m'chitsime, ibedwanso pa msika. Jambulaninso mapepala ogulitsira fodya, chitupa cha kalabu, ndi timalisiti tija totuluka m'makina. Timeneti tifufuta tokha, pakapita miyezi mungopeza kapepala koyera.

Za foni pali chinanso. Chitupa cha unzika chidayamba kuperekedwa mu 2017, ndipo mu 2018 kudalamulidwa kuti nambala iri yonse ya foni ilembetsedwe. Ambiri adalembetsa pa dzina la mnzao kapena la mlamu wao chifukwa cha changu. Ndalama za Airtel Money kapena Mpamba sizikhala m'foni, ndipo foni ikatayika sizitayika nayo. Koma pokatenga simu yina ya nambala yomweyo, adzafuna mwini dzina ndi chitupa chake. Mlamuyo akakhala ali ku Joni, kapena ukwati udatha, mudzatani? Konzani zimenezi foni ikali m'thumba. Nambala yachinsinsi musailembe kuseri kwa foni, monga tiona ena achita.

Panganani tsopano za m'mawa mwa tsiku la ngozi. Ndani adzathamangira kope lachiwiri? Ndani adzapita kwa amfumu ndi ku polisi? Ndani adzatseketsa nambala ya foni? Bambo akakhala yekha wodziwa kumene kuli mapepala, ndiye kuti maliro ake adzakhalanso maliro a sitolo. Mai a kunyumba adziwe, ndi mwana mmodzi wamkulu.

Ndipo liyeseni kopelo. Kamodzi pa miyezi itatu, siyani buku lalikulu m'bokosi, muchite msonkhano wonse ndi kope lachiwiri lokha. Mukatha, tsekulani bokosi ndi kulinganiza. Mukapeza kuti mlembi adadumpha masabata awiri a nthawi yopalira, musamkalipire pa gulu. Mpatseni mnzake womthandiza, akhale pansi tsiku lomwelo ndi kulemba zotsalazo.