Zilonda za pa Cigongono kwa Odwala Ogona Nthawi Yaitali

Ku Rufunsa, kumene midzi ina ili kutali ndi cipatala ca St Luke's ku Mpanshya, odwala osatha kudzuka amasamaliridwa ndi abale panyumba. Cigongono cimacita cilonda msanga cifukwa fupa lili pafupi ndi khungu. Cikatsamira pamphasa nthawi yaitali, magazi sayenda bwino ndipo khungu limafa.

Cizindikiro coyamba ndi malo otentha, olimba kapena oderapo. Malowo asatikitidwe, ngakhale ena amayesa kutero kumathandiza. Wodwala azitembenuzidwa pa maola 2 aliwonse, ndipo pilo iikidwe pansi pa mkono kuti cigongono cisakhudze pogona.

Cilonda cotseguka citsukidwe ndi madzi owiritsa, ozizira, othira mcere pang'ono. Cikayamba mafinya kapena fungo, kapena thupi likatentha, wodwalayo apite naye kucipatala tsiku lomwelo.