Chifukwa Chimene Kompyuta Imaiwalira Magetsi Akazima

Tsiku lina ndinachoka kwathu ku Lirangwe kupita kwa alamu anga ku Chileka kuti ndikataipe ntchito ya kusukulu pa kompyuta yawo. Nditamaliza masamba anayi, magetsi anazima. Atayakanso, ndinapeza tsamba lili mbee. Alamuwo anangondifunsa kuti, "Kodi alamu, munaseva?" Funso limeneli ndi lomwe linandichititsa kufufuza mmene kompyuta imagwirira ntchito m'kati mwake.

Makompyuta ambiri a masiku ano amatsatira dongosolo limene John von Neumann analongosola m'chaka cha 1945. M'dongosololi muli purosesa, imene imawerengera ndi kulamula zonse. Memore yotchedwa RAM, mmene mumakhala malamulo a pulogalamu pamodzi ndi zimene munthu akulemba. Komanso zipangizo zolowetsera ndi zotulutsira monga kiyibodi ndi sikirini. Pambali pa izi pali hard disk, yosunga zinthu nthawi yaitali.

Ine ndinazimvetsa poganizira chimanga. Chimanga chimakhala m'nkhokwe chaka chonse, koma palibe amene amapeta chili momwemo. Amayi amatapako pang'ono n'kuika m'lichero. Hard disk ndiye nkhokwe, RAM ndiye lichero, ndipo purosesa ndiwo manja a amayi. Ntchito ya purosesa ndi yobwerezabwereza: imatenga lamulo limodzi mu RAM, kulimasulira, kulichita, kenaka n'kutenganso lina. Purosesa ya lero imachita zimenezi kokwana mamiliyoni ochuluka pa sekondi imodzi. Ikanati izipita kunkhokwe pa lamulo lililonse, bwenzi nthawi yambiri ikungodikira, pakuti hard disk ndi yochedwa kwambiri poyerekeza ndi RAM.

Komabe fanizoli lili ndi polekezera. Amayi akachokapo, chimanga chimatsala m'lichero, pamene RAM magetsi akachoka imatsala yopanda kanthu. Kompyuta imasunga chilichonse ngati manambala awiri okha, 0 ndi 1. Mwachitsanzo, chilembo cha A chimasungidwa ngati 01000001. Mu RAM, nambala iliyonse yotere ndi kamphamvu kochepa ka magetsi kamene kamatha msanga, ngati madzi m'ndowa yobooka, choncho makina amakawonjezera kambirimbiri pa sekondi iliyonse. Magetsi akazima, wowonjezera palibe. Hard disk ija imalemba ndi maginito pa mbale yozungulira, ndipo maginito safuna magetsi kuti akhalepo. Zimandiseketsabe kuti mbali imene Azungu anaitcha memore, kutanthauza kukumbukira zakale, ndi yomweyo imene imayamba kuiwala.

Tsono kuseva ndiko kulamula purosesa kuti ikopere za m'lichero kupita m'nkhokwe. Masamba anga anayi aja anali asanafike kunkhokweko. Ndinagona ku Chileka komweko, n'kuwataipanso m'mawa mwake, alamu ataima kumbuyo kwanga kundikumbutsa kuseva ndime iliyonse ikatha.