Ofufuza za Khansa ya Kum'mero

Kodi munaonapo mkulu amene nsima yamukanika kumeza? Poyamba amasiya nsima nayamba phala. Kenaka ngakhale madzi amabwerera. Ambiri kuno ku Mtakataka ndi ku Golomoti amati walodzedwa. Koma kaŵirikaŵiri imeneyi ndi khansa ya kum'mero. Nthendayi imakonda akuluakulu, ndipo ndi yofala m'Malaŵi muno kuposa m'maiko ambiri.

Kuyambira 2017 mpaka 2020, gulu la madokotala ndi anamwino linafufuza za nthendayi pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe ndi cha St. Gabriel ku Namitete.

Ntchito yao inali yotere. Dokotala amaloŵetsa kapaipi kounikira kukhosi kwa wodwala kuti aone chotupacho. Wina amakhala pansi ndi wodwalayo namufunsa mafunso: Mumasuta fodya? Mumaphikira pati? Tiyi mumamwa wotentha bwanji? Mafunso omwewo amafunsanso munthu wina wa msinkhu womwewo amene alibe nthendayi. Bwanji kuvutitsa munthu wosadwala? N'chifukwa choti popanda kufananiza aŵiriwo simungadziŵe chimene chasiyana. Anafunsa odwala 300 ndi osadwala nthendayi 300. Si ntchito yamaseŵera ai.

Anapeza kuti osuta fodya ndi ochuluka pakati pa odwalawo. Tiyi wotentha kwambiri ndi chimanga chachuku akuzikayikiranso.

Chodandaulitsa n'chakuti odwala ambiri amafika mochedwa. Inu, nsima ikayamba kuima pakhosi, pitani msanga ku chipatala cha Mua. Akaona kuti n'kofunika, adzakutumizani ku chipatala chachikulu kuti akakuunikeni.